Mkuyu wa Abambo

Abambo atamwalira ine ndinkafuna chiliza. Chiliza chenicheni, cha simenti, cholembedwa dzina ndi zilembo zikuluzikulu, choti wodutsa aliyense azidziwa kuti apa pagona munthu amene anakonza masofa a theka la tauni ino. Koma mlongo wanga wamng'ono, amene pakhomo timamutcha Profesa ngakhale sanaphunzitsepo munthu chilichonse, anatulukira ndi kapepala konyezimira kodzaza zithunzi za mitengo.

"Achemwali, dziko lasintha," anatero akukayala patebulo. "Simenti ikuwononga nthaka. Kuseri kwa fakitale ya njerwa atsegula manda atsopano opanda ziliza. Munthu amamuika m'bokosi loluka ndi nsungwi, pamwamba pake n'kudzala mtengo. Abambo asanduka mtengo."

"Abambo mitengo ankaidziwa itachekedwa kale," ndinamuyankha. "Usatibweretsere za m'mabuku zakozo pano, anzako tikulira."

Anagamula ndi Amayi. Anakayang'ana kapepalako nthawi yaitali, magalasi ali pamphuno, kenako anafunsa funso limodzi lokha: "Malo a anthu awiri alipo?" Profesa anati alipo. Basi nkhani inathera pomwepo, ine ndi chiliza changa tinagonja. Abambo tinawaika m'chidengu chija, antchito a pamandapo anadzala kamtengo ka mkuyu kolekeza m'bondo, ndipo kumanzere kwake anakhoma zikhomo zinayi. Pakati pa zikhomozo panali malo a Amayi.

Mandawo ndi okongola, bodza ayi. Ndimadana nawo, koma ndi okongola. Tinjira ta timiyala, udzu wongokula umo ufunira, mbalame phokoso lokhalokha, ndi mabenchi okhomedwa mosasamala moti ine wa ntchito yake ndimayang'ana kumbali. Dzina la munthu amalemba pa kathabwa n'kukapachika pamtengo ndi chingwe. Pageti pali ofesi, ndipo mu ofesimo mumakhala mayi woyang'anira malowo, amene ndinamupatsa dzina loti Mayi Ndime chifukwa sangakupatse moni osatchulako ndime ya malamulo awo. Maluwa apulasitiki, ndime yachitatu ikukana. Makandulo, ndime yachinayi. Fetereza ndi manyowa, ndime yachisanu. Kuthirira nako amati antchito awo amathirira chaka choyamba chokha, kenako mtengo uzidzifunira wokha madzi pansi.

Amayi anamvetsera zonsezo akugwedeza mutu mwaulemu. Titangotuluka pageti anati, "Bambo ako sanagonepo ndi ludzu ine ndilipo. Sayamba lero."

Chiyambi chake chinali chimenecho. Loweruka lililonse ndikatseka shopu ya masofa imene Abambo anandisiyira, tinkakwera minibasi ndi zigubu ziwiri za malita asanu, wonyamula ndili ine, zala mpaka kuchita dzanzi. M'chikwama chawo cha m'manja Amayi ankabisa kajumbo ka zitosi za nkhuku. Ha, fungo lake m'minibasimo! Anthu ankatsegula mawindo n'kumandiyang'ana ine, poti mayi wachikulire wotchena chonchija ndani angamuganizire. Tikafika, Amayi ankakhala pansi pamalo awo omwe, pakati pa zikhomo zija, chifukwa mbali imeneyo a mu ofesi sankaiona. Ankakumba ndi supuni yakale, kukwirira zitosizo, n'kumathira madzi pang'onopang'ono uku akuwauza Abambo nkhani za sabata yonse: wakwatiwa ndi uje, wathawidwa ndi uje, denga la bafa layambanso kudontha, mwana wanu uyu pakamwa sipanasinthe.

Profesa ankabwera kamodzi pachaka ndi mkazi wake, kudzajambulitsa. Ankaukumbatira mtengowo, maso atatsinzina, mlamu wanga n'kumujambula, zithunzizo n'kutumiza kwa anzake onse a kuntchito. Chigubu sanachigwirepo ndi tsiku limodzi lomwe.

Mkuyuwo unakula mochititsa manyazi. Mitengo ya anthu ena oikidwa chaka chomwecho inali timitengo tonyozoloka, wa Abambo utapitirira kale denga la ofesi. Alendo akabwera kudzaona malowo, Mayi Ndime ankawatengera pa mkuyu wathu n'kumati, "Taonani mmene chilengedwe chimachitira chokha tikachisiya." Amayi ankangoyang'ana pansi, kajumbo kali m'chikwama. Alendowo akapita ankandigunyuza n'kuloza mitengo inayo ndi mlomo. "Taona anzawo," ankanong'ona, "akazi awo ndi aulesi."

Chaka chachitatu chikutha, bambo wina wogwira ntchito pamandapo anandikodola. Ndi wachikulire, wosalankhulalankhula, ndipo sindinamuonepo alibe wilibala, choncho ife tinkangoti a Wilibala. Anadikira Amayi atapita kukasamba m'manja pampopi.

"Mayi, ndikuoneni pang'ono," anatero. "Zimene mumachita pano ndimaziona, ndipo sindinauzepo munthu. Koma muzu umatsata kumene kuli chakudya. Inu mukuthira pamalo a mayi anu, ndiye mizu yasiya kulowa pansi, yonse ikukhamukira kuno." Anaponda pakati pa zikhomo. "Mukapitiriza, pakatha zaka ziwiri pano sipadzakumbika. Auzeni asiye lero lomwe, ine ndidule mizuyi idakali yaing'ono."

"Inu ntchito yanu ndi kukankha wilibala kapena kulosera imfa ya amayi anga?" ndinamulalatira. "Mwawaona ngati munthu wofa mawa?"

Anangoti, "Pepani, mayi," n'kugwira wilibala yake.

Amayi sindinawauze. Ndinene zoona pamenepa, poti ena onse ndawanena kale. Chimwalirireni Abambo, Amayi ankakhala chigonere kuyambira Lamulungu mpaka Lachisanu, makatani otseka, wailesi yozimitsa, ukawafunsa n'kumati mutu. Koma Loweruka ankadzuka m'mawa ine ndisanadzuke, kusamba, kusita diresi, kupukuta nsapato, n'kuyamba kundikalipira kuti ndikuchedwetsa. Ndikanawalanda Lowerukalo ndikanatsala ndi mayi wotani? Ndiye panalinso mantha anga. Kuwauza Amayi kuti wina akufuna kudula mizu ya Abambo ndi chikwanje, ine ayi. Ndinangoti zidzaoneka, n'kupitiriza kunyamula zigubu.

Zinaonekadi. Chaka chachisanu Amayi anayamba kusiya chakudya m'mbale. Kuchipatala anatiyendetsa uku ndi uku, kujambula, kutenga magazi, mpaka dokotala anatiitanira m'kachipinda, ine ndi Profesa, n'kutiuza kuti chotupa cha m'mimba chafalikira, tiziyembekeza miyezi osati zaka. Tinabwerera nawo kunyumba. Bedi lawo ndinalitulutsira pabalaza kuti aziona anthu, ndipo ndinawadulira siponji yofewa kwambiri imene ndinali nayo m'shopu kuti asachite zilonda kumsana.

Tsiku lina m'mawa ndikuwapukuta ndi kansalu konyowa, anandigwira pamkono.

"Iwe."

"Wee, Amayi."

"Zikhomo zanga zija zilipo?"

"Zilipo."

"Mlongo wako ndi wa mapepala, akhoza kundiika paliponse pamene fomu yanena. Wamakani ndiwe. Udzandiike pambali pa bambo ako. Wamva?"

"Ndamva."

"Nena bwinobwino, usandiyankhe ngati ndikukutuma mchere."

"Ndidzakuikani pambali pa Abambo, Amayi."

Anandisiya mkono n'kutembenuka kuti ndiwapukute kumsana.

M'mawa mwake ndinapita kumanda ndekha n'kupempha Mayi Ndime kuti aone ngati malo athu ali bwino. Anaitana a Wilibala, amene anabwera ndi chitsulo chachitali chosongoka. Anabaya pakona yoyamba, chitsulo chinangoti gu, osalowa. Anabaya pakati, gu. Anabaya malo khumi ndi awiri, ndipo sanandiyang'ane ndi kamodzi komwe. Kenako anapalasa dothi ndi fosholo. Mizu inali pamwamba penipeni, ina yonenepa ngati ntchafu yanga, yolukanalukana ngati malamba a pansi pa sofa, kuchokera chikhomo ichi kufika icho.

"Ndime yachisanu ndi chinayi," anayamba Mayi Ndime. "Sitidula muzu wonenepa kuposa mkono wa munthu pa mtengo wamoyo. Tikakumba apa tichotsa theka la mizu, ndipo mphepo yoyamba mtengowu ugwera pa manda a anthu ena."

"Malo awa ndi athu!"

"Malo ndi anu, mayi, koma mtengo ndi wa nkhalango. Tikupatsani malo ena ku chigawo chatsopano."

Ananditengera ku chigawo chatsopanocho. Ndinawerenga mapazi popita: mazana anayi ndi khumi ndi awiri. Ndi kumpanda kwenikweni, kumene malole a njerwa amadutsa fumbi lili koboo, kopanda ndi mthunzi wa mbalame womwe. Pamenepo ndinatsegula pakamwa. Ndinawauza kuti ndi akuba ovala zobiriwira, kuti amalemekeza nkhuni kuposa anthu, kuti tsiku lawo likadzafika adzawaike pansi pa ndime yachisanu ndi chinayi yomweyo. Anandisiya ndilankhule mpaka malovu anauma.

"Mayi," anatero mofatsa, "mtengo sukula chonchija ndi mvula yokha. Musandikakamize kufunsa kuti unkadya chiyani."

Pobwerera ndinafunsa ndi mawu ena, aulemu, ngati panalibe njira ina iliyonse.

"Malo otere amatseguka pokhapokha mtengo utafa wokha," anayankha. "Zikatero timazula, kukumba, n'kudzala wina." Anakweza maso kuyang'ana mkuyuwo monyadira. "Koma uwu udzatiika tonse."

Ndili pa siteji ndinamuimbira Profesa. Anamvetsera, kenako anatsitsa mawu monga amachitira akafuna kuoneka wanzeru. "Achemwali, musadzivute. Tingowauza kuti zonse zili bwino. Tsikulo likadzafika sadzadziwa pamene ali. Ndiponso nkhalango yonse ndi chinthu chimodzi, mizu imalumikizana pansi."

"Ukalumikizane nayo ndiwe," ndinatero n'kudula foni.

Sabata yonse ndinagwira ntchito ngati chitsiru. Sofa ya munthu wina ndinaikuta nsalu chadodolido, maluwa kuyang'ana pansi, mpaka ndinaphwasula n'kuyambiranso. M'mutu munali mbuzi. Chaka chapitacho mbuzi zinaboola mpanda wa mandawo n'kudya khungwa la mitengo inayi kuzungulira, ndipo yonse inauma. A Wilibala anatifotokozera nthawi imeneyo kuti mtengo ukhoza kuuthyola nthambi, kuuboola, kuuwotcha mbali imodzi, umachira, koma khungwa likangochoka kuzungulira thunthu lonse, basi wapita.

Lolemba masana ndinatenga mpeni wanga wodulira chikopa, tchizulo, tepi yopimira ndi choko. Ku chigawo chatsopano kunali maliro, antchito onse ali komweko, nyimbo zikumveka patali. Ndinagwada patsinde pa mkuyu. Musandifunse chifukwa chake ndinapima. Dzanja langa silidziwa kudula mokhota, Abambo analiphunzitsa ndi makofi ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri. Ndinalemba mizere iwiri ndi choko, yotalikirana zala zinayi, pansi penipeni pafupi ndi dothi, n'kulowetsa mpeni.

Utomoni woyera unatuluka wambiri, kuyenderera m'zala mpaka m'zigongono. Ndinali ndikulira, komanso ndinali nditakwiya, ndipo ndinawalankhula Abambo mmene sindinawalankhulirepo ali moyo. "Moyo wanu wonse munkadzaza bedi lonse, Amayi n'kumagona m'mphepete atagwira matiresi. Ndi kuno komwe? Sunthani, Abambo. Akubwera." Khungwa linasendeka bwinobwino ngati lamba. Ndinalowetsa tchizulo m'thunthu kuzungulira konse kuti mtengowo usachedwe kuuma. Kenako ndinamata chilondacho ndi matope, n'kuunjikapo udzu wouma umene amaika patsinde pa mitengo yonse.

Utomoniwo unakana sopo, unachoka ndi parafini patatha masiku atatu. Amayi atafunsa kuti m'manjamo ndi chiyani ndinati ndi guluu.

Inali nyengo yotentha. Loweruka lililonse Amayi ankandidzutsa ali pabedi pomwepo: "Zigubu zija wadzaza? Usawapatse madzi onse nthawi imodzi, amatsamwa." Ndinkanyamuladi zigubuzo, kukwera nazo minibasi, n'kukathira pa timitengo ta amuna a akazi aulesi aja. Ndikabwerako ankafuna lipoti lonse.

"Ali bwanji?"

"Ali bwino, masamba ali biriwiri."

"Nkhuyu zayamba?"

"Zayamba, mbalame zake si izi."

Ankamwetulira n'kutseka maso. Ine ndinkapita kukhitchini kukatsuka mbale zotsuka kale.

Sabata yachisanu ndi chimodzi masamba anayamba chikasu. Pofika yachisanu ndi chinayi theka linali litayoyoka, pansi pali waa. Tsiku lina ndinapeza a Wilibala ataima patsindepo. Anakankha udzu uja ndi jombo, kuyang'ana, n'kuubwezeranso ndi jombo yomweyo.

"Mu ofesi ndanena kuti ndi mbuzi," anatero. "Akuti ukaumiratu tizula."

"Zikomo, bambo."

"Musandithokoze. Ndinaudzala ndine mtengo umenewu." Kuyambira tsiku limenelo sanandipatsenso moni.

Ndinkaganiza kuti ndapambana. Malo anali akutseguka, Amayi anali asakudzukanso, ndipo zonse zikanatha popanda wodziwa. Koma odwala ali ndi tsiku limodzi limene amadzuka ngati achira, kupempha tiyi wa mkaka, kufunsa kuti chipeso chili kuti. Tsiku limenelo linagwa Loweruka. Amayi anati akufuna kupita kumanda.

"Fumbi, Amayi," ndinatero. "Dzuwa lake limeneli? Msewu uja mabampu okhaokha. Dokotala anati chiyani?"

"Dokotala ali ndi mwamuna wake kumeneko? Ndikufuna ndikawatsanzike ndidakali ndi maso."

Profesa, amene zaka zisanu zonse sanapezepo Loweruka lopanda msonkhano, tsiku limenelo anafika ndi galimoto, atabwerekanso mpando wamatayala. Mlamu wanga anadzaza madzi m'kabotolo kuti Amayi akathire okha. Ndinakhala kumbuyo nditawagwirira mutu, ndikupemphera kuti tayala liphulike. Silinaphulike.

Profesa ndi amene ankakankha mpando m'kanjira ka timiyala. Titakhota pa benchi yomaliza Amayi anakweza dzanja.

"Mwalakwitsa njira."

"Ndi pomwepa, Amayi," anatero Profesa, mawu akuzilala.

"Si uwu."

Koma kathabwa ka dzina la Abambo kanali pomwepo, kakulendewera pa nthambi yopanda tsamba. Amayi anakhala kakasi, pakamwa pali yasa. Sindinawaonepo nkhope yotero, ngakhale tsiku la maliro a Abambo. Profesa anayamba zake, kuti ndi kusintha kwa nyengo, kuti mitengo yambiri ikudwala masiku ano, anawerenga penapake. Anakodola a Wilibala amene ankadutsa chapatali, n'kuwafunsa chachitika n'chiyani.

"Ndi mbuzi, bwana," anayankha a Wilibala akuyang'ana wilibala yawo, n'kupitirira.

"Nditsitseni," anatero Amayi.

Tinawakhazika pansi patsinde. Anatsegula kabotolo kaja n'kuyamba kuthira pathunthu, akunong'ona kuti, "Pepani, ndinadwala, pepani." Madziwo anatsika ndi thunthu n'kufika pa matope anga. Matope anasungunuka. Amayi anasiya kuthira. Anakankha udzu ndi dzanja, kupukuta ndi nsonga ya nsalu yawo, n'kuyendetsa chala pa mzere wapamwamba mpaka pamene mkono unalekeza. Anayendetsanso pa mzere wapansi.

"Inu awiri, kanditengereni ambulera m'galimoto," anauza Profesa ndi mkazi wake. "Musathamange."

Anadikira mpaka atakhota pa benchi.

"Mbuzi," anatero. "Mbuzi yoyenda ndi tepi."

"Amayi..."

"Zaka makumi anayi ndakhala m'nyumba ndi anthu odula chikopa. Mzere uwu amautha anthu awiri okha, ndipo mmodzi ali pansi apa."

Ndinagwada n'kuwauza zonse, mawu akuthamangitsana. Za mizu, za chitsulo chimene chinakana kulowa, za ndime yachisanu ndi chinayi, za kumpanda kwa malole. "Munandilumbiritsa, Amayi," ndinatero. "Munati ndidzakuikeni pambali pa Abambo. Panalibe njira ina. Ndikanatani?"

"Za mizuzo unadziwa liti?"

Ndikananama, koma bodza linali litandithera. "Zaka ziwiri zapitazo. Bambo wa wilibala uja anandiuza."

"Zaka ziwiri," anatero pang'onopang'ono. "Zaka ziwiri ukundinyamulira madzi, ukundionerera ndikudzitsekera ndekha malo."

"Ndinkaopa kuti mukasiya kubwera kuno mudzangogona osadzukanso."

"Ndiye unaganiza wekha. Poyamba unaganiza wekha, kachiwiri waganizanso wekha. Ine ndinalibe pakamwa? Ukanandifunsa, mwanawe. Ndikanakuuza kuti kandiikeni kumpanda komweko, malole azindidzutsa, bola uwu ukhale. Bambo ako ndinawaika kamodzi. Sindinafune kuwaikanso kachiwiri."

Sanalire. Anasisita thunthulo pamwamba pa chilonda, n'kunena mawu amene ndimadzuka nawo mpaka lero.

"Pa zonse zimene ndalera ine, ndi uwu wokha umene unakula bwino."

Profesa anafika ndi ambulera akupuma wefuwefu. Amayi anamuuza kuti atopa, tizipita. M'galimoto anatsamira phewa la mlamu wanga.

Titafika kunyumba ndinawatenthetsera supu n'kukhala m'mphepete mwa bedi ndi supuni, monga ndinkachitira masiku onse. Anatembenukira kukhoma. "Itana mkazi wa mlongo wako," anatero. Mlamu wanga, amene sankadziwa ngakhale pamene timasunga mankhwala, anabwera akudabwa, ndipo Amayi anatsegula pakamwa n'kudya. Kuyambira pamenepo wowadyetsa anali iye, wowasambitsa iye, wowatembenuza iye. Ine ndinkachapa zofunda, kuwiritsa madzi n'kusiya pakhomo. Ndikalowa pabalaza ankatseka maso. Sanauze munthu chilichonse. Profesa ankati ndi mmene matendawa amachitira, odwala amadana ndi amene amawakonda kwambiri, anawerenga penapake.

Ndinayesa kamodzi. Mlamu atapita kumsika ndinagwada pafupi ndi bedi n'kunena kuti, "Amayi, ndikhululukireni." Anangofunsa ngati mkazi wa mlongo wanga wabwerako.

Anakhala masiku khumi ndi asanu ndi anayi. Anamwalira Lachinayi m'mawa atagwira dzanja la mlamu wanga, ine ndili panja ndikuyanika mashiti.

Mayi Ndime sanavute. Mtengo unali utauma, ndime inalola. Antchito anaugwetsa, kuudula zidutswa, ndipo chitsa anachizula ndi thirakitala ndi matcheni, ntchito ya tsiku lonse. Pofika tsiku la maliro pamalopo panali mbee, dothi lofiira lokhalokha, ngati akufuna kumangapo sitolo. Dzenje analikumba pakati penipeni pa zikhomo zinayi zija. Dzuwa linatiwotcha mopanda chisoni, anthu atafunda mapepala a nyimbo kumutu, ena atathawira pansi pa timitengo ta eni ake. Pomaliza anadzala timbande tiwiri tolekeza m'bondo, n'kutiuza kuti chaka choyamba athirira okha.

Profesa analankhula m'malo mwa banja. Anati Amayi anali ndi khumbo limodzi lokha, logona pambali pa mwamuna wawo, ndipo panali zovuta zina, koma Mulungu anakonza m'njira yake yodabwitsa. Kenako anandiloza. Anati achemwali angawa ndi amene sanagone, anamenya nkhondo m'maofesi, anakana kugonja, mpaka mawu a Amayi akwaniritsidwa lero.

Anthu anang'ung'udza movomereza. Mwambo utatha anandandalika mzere kubwera kwa ine, azakhali, anansi, makasitomala a Abambo akalekale, aliyense ndi mawu ake. Mwana wosunga mawu ndi inu. Mayi anu apita okondwa. Akanakhala ana onse ali ngati inu. Ndinawapatsa dzanja onse, mmodzimmodzi, mpaka mzere unatha.